The Witcher 4: kuwala kumeneku ndi kwa Witcher kapena ndi malonda a sopo?

Kadzidzi77:
Abale anzanga, ndangomaliza kuonera kachitatu demo ija ya gemu ya The Witcher 4 anaionetsa mu June 2025 pa chionetsero cha State of Unreal, ija Ciri, mwini nkhani wa gemuyi, akutsika phiri pa hatchi mpaka kukalowa mumsika wa m'tauni ya padoko, nde pali chinachake chikundisowetsa mtendere. Kukongola kokha ayi sindikutsutsa, koma kwawalitsa. Chilichonse chili mbee, miyala, madenga, zovala za anthu, ngati wina wadutsa ndi nsalu kupukuta dziko lonse kamera isanafike. Witcher amene ndimamudziwa ine ndi wa ku Velen ya mu Witcher 3, matope mpaka m'mawondo, mitembo ili lende pamtengo, dzuwa likamalowa kumwamba kuli psuu iwe mtima uli m'mwamba kuti m'dambomu mutuluka chani. Izi ine ndikuona ngati malonda a sopo. Ndi ine ndekha kapena?

Nyalugwe_X:
Ndinu nokha akulu kkkkk

MaiWaMaGemu:
Sali okha ayi. Nanenso nditaonera ndinati eeh koma zokongola, koma pofika madzulo ndinali nditaiwala kale zomwe ndaona. Pomwe mtengo uja wa anthu onyongedwa wa ku Velen mpaka lero ndikatsinzina ndimauona.

Mlenje_wa_Mizukwa:
A Kadzidzi, mukuyerekeza malo awiri osiyana kutalitali. Velen ndi dziko loti nkhondo yadutsamo, asilikali a Nilfgaard mbali ino a Redania mbali inayo, midzi yotenthedwa, anthu akufa ndi njala. Malo oterowo akanawala bwanji? Demo iyi ili ku Kovir, kumpoto kwenikweni, dziko la mapiri ndi migodi, anthu ake olemera ndi malonda ndipo nkhondo za anzawo sankakonda kuzilowerera. Amene munamaliza Witcher 3 mukukumbukira kuti amatsenga aja pothawa ku Novigrad ndi Triss ankalowera komweko ku Kovir. Nde mukufuna dziko la anthu andalama lioneke ngati dambo? Komanso kumalo kwa chipale chofewa kumawala basi, dzuwa likamenya pa chinthu choyera limabwerera m'maso mwako. Ndipo musaiwale Toussaint ya mu Blood and Wine ya 2016, kumwamba kuli buluu ngati penti, minda ya mphesa, tinyumba tamitundumitundu, koma nkhani yake inali ya ma vampire ong'amba anthu. Ine kumeneko ndi kumene ndinkachita mantha kwambiri chifukwa magazi ankaonekeratu pamalo owala aja.

Kadzidzi77:
Toussaint ija anachita dala achimwene, ankafuna ioneke ngati buku la nthano za ana kuti zoipazo zikatulukira zikudzidzimutse. Kuwala kwake kunali ndi cholinga. Apa ine ndikuona kuwala kwa engine, pulogalamu yopangira gemu, osati kwa munthu wojambula. Tayang'anani magemu ambiri opangidwa ndi Unreal Engine 5, nkhope imodzimodzi ngati ana a bambo mmodzi, miyala yofanana, dzuwa lofanana. CD Projekt Red, opanga Witcher, anali ndi REDengine yawoyawo, mu 2022 analengeza kuti akuisiya nkupita ku Unreal, nde mantha anga ndi oti fungo lawo lija lathera pompo.

TomasiWokayika:
Inu mukukanganirana chinthu choti simudzachisewera nkomwe. Eni akewo ananena poyera kuti iyi ndi tech demo, si gemu yeniyeniyo. Ndipo ife amene tinayamba kale za magemuzi tinalumidwapo kokwanira. Watch Dogs anaionetsa pa chionetsero cha magemu cha E3 cha 2012, mvula ikugwa, magetsi a mumsewu akunyezimira m'zithaphwi, utsi, tonse kukamwa yasa. Itatuluka mu 2014 zambiri zija kunalibe, mpaka anyamata a pa PC anachita kukumba m'mafayilo nkupezamo ma setting ena atabisidwa. Dark Souls II chimodzimodzi, poionetsa mu 2013 munali mdima woti popanda muuni suyenda, itatuluka mu 2014 mdima uja unasanduka phulusa, malo ambiri muuni umangoyatsa pofuna. Nanga Witcher 3 yomwe mukuitamayi? Mwaiwala phokoso la mu May 2015 anthu akuyika zithunzi za ma trailer akale pambali pa gemu yotuluka nkumaloza kuti utsi uja uli kuti, kuwala kuja kuli kuti? Sindikunena za Cyberpunk 2077 mu December 2020 ija Sony anachita kuichotsa pa sitolo yawo. Nde ine mundiuze za kuwala gemu ikadzatuluka, ndipo ananena kale kuti 2026 musayembekezere.

Nyalugwe_X:
Dzina lanulo munasankha bwino madala

Kamnyamata_PS5:
Koma a Tomasi demo iyi inkayenda pa PS5 wamba osati Pro, 60 fps (zithunzi 60 pa sekondi), ray tracing (kuwerengetsa njira ya kuwala) ili on, munthu atagwira controller pa siteji pompo anthu akuona. Si kanema ongojambula ayi.

TomasiWokayika:
Kamsewu kamodzi, kamsika kamodzi, munthu akuyenda njira yomwe anaiyeserera kambirimbiri. Muikemo nkhondo, ma quest, moto wamatsenga wa Igni, mvula, usiku, ma save, nde mudzandiuze 60 yanuyo.

Injiniya_Waulesi:
Ndiloleni nditalikitseko pang'ono chifukwa ndikuona ngati a Kadzidzi ndi a Tomasi akugwira njovu imodzi mbali zosiyana.

Kale kuwala kwa m'magemu ambiri ankachita kuphikiratu, amati baked lighting. Makompyuta a ku studio amawerengetsa kwa maola ambiri kuti dzuwa likalowa pawindo lifika pati, mthunzi ugwera pati, akamaliza amamata zotsatirazo pamakoma ngati penti. Zimakongola ndipo makina ako savutika, koma siziyenda, ukasuntha tebulo kuwala kwa pansi pake sikusintha. Gemu ya dziko lalikulu yoti kumacha nkumada monga Witcher 3 njira imeneyi siikwanira, nde ankagwiritsa ntchito tinzeru tongoyerekeza, nchifukwa chake nthawi zina ukalowa m'nyumba masana mkatimo mumaoneka mopanda kuya, ngati kuwala kukungochokera paliponse.

Unreal 5 ili ndi chinthu amati Lumen. Iyi imawerengetsa pompopompo mmene kuwala kukudumphira kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Dzuwa likamenya nsalu yofiira ya pa benchi la mumsika, khoma la pafupi limatengako kufiirako, nkhope ya wogulitsa nayonso. Nchimene chimapangitsa kuti msika uja uzioneka ngati ungathe kuugwira. Koma vuto ndi nthawi. Pa 60 fps chithunzi chilichonse chili ndi ma millisecond 16.7 okha, ndipo mmenemo mukhale anthu, hatchi, masamba, tsitsi la Ciri, phokoso, zonse. Nde makina sangaponye ma ray ochuluka, amaponya ochepa kenako zotsalazo amalotera pogwiritsa ntchito zithunzi zomwe zangodutsa kumene. Pamalo powala kuloterako kumayenda bwino. Pamdima pomwe pali kanyali kamodzi kakuphethira ndi pamene chinsinsi chimaululika, m'makona mumayamba kuwira timadontho ngati nyerere, ukatembenuka msanga chinthu chimasiya kamzukwa kumbuyo kwake, ukazimitsa nyali kuwala kumachedwa kuchoka.

Nde maganizo anga ine, ndipo ndi anga chabe, kuonetsa masana dzuwa lili pamutu ndi mayeso ophweka. Amene akufuna kudziwa ngati engine iyi ingasenze Witcher adikire aone phanga, usiku, muuni uli m'manja, chilombo chikuthamanga.

Kadzidzi77:
Eyaaa a Injiniya mwandilankhulira. Atiwonetse usiku basi.

Mlenje_wa_Mizukwa:
Mesa usikuwo munauona kale? Trailer yoyamba ija ya pa The Game Awards mu December 2024, kamudzi kaja akupereka mtsikana nsembe kwa chilombo, nkhalango ili ndi nkhungu yokhayokha, Ciri akumenyana mumdima ndi tcheni chake. Munalibe sopo mmene muja. Eni gemu ake ndi omwewa.

TomasiWokayika:
Ija inali pre-rendered bwana, kanema wopangiratu, analemba okha pansi pake, ndipo anaipangira pa khadi ya Nvidia yoti nthawi imeneyo inali isanatuluke nkomwe. Kanema oteroyo akhoza kutenga nthawi yonse yomwe akufuna pa chithunzi chimodzi. PS5 wanu alibe mwayi umenewo.

Kamnyamata_PS5:
Poti mwatchula trailer imeneyo, ine chinandibowa ndi nkhope ya Ciri. Si yemwe uja ayi, nsagwada zakula, akuoneka wina wake. Mu demo ya June nde anabwererako pang'ono, zikuonetsa kuti anamva madandaulo athu nkumukonza.

MaiWaMaGemu:
Iwe mwana iwe, munthu asakule? Wakhala zaka akugona kutchire kumenyana ndi zilombo nde ukufuna azioneka ngati wangotuluka mu saluni? Geralt, mwini nkhani wa magemu akale aja, anasintha nkhope gemu iliyonse kuchokera pa yoyamba ya 2007 palibe analira.

Kamnyamata_PS5:
Aaa mayi ine sindinanene za saluni, ndangoti sakufanana

Injiniya_Waulesi:
Ndipo nkhani ya nkhopeyi ndi ya kuwala komweku. Director wa gemuyi Sebastian Kalemba anachita kufotokoza anthu atayamba kunena kuti amukonza, anati model ndi yomweyo, chimasiyanitsa ndi kuwala, ma lens a kamera ndi kayendedwe ka nkhope. Yesani nokha mphwanga, dzijambuleni selfie mutaima pansi penipeni pa babu, kenako mudzijambule m'mawa mutayang'ana kuwindo. Choyambacho maso alowa mkati, mphuno yaponya mthunzi pamlomo, mukuoneka ngati mwadwala mwezi. Chachiwiricho mpaka muika pa profile. Munthu ndi mmodzi.

Nyalugwe_X:
Ena ngakhale pawindo sizithandiza kkkkkk

Kapitawo:
Za nkhope ya Ciri zili ndi ulusi wake ndipo unatsekedwa chifukwa anthu anayamba kutukwanizana. Pano tikambe za kuwala. Nyalugwe ndakuona.

MaiWaMaGemu:
Chabwino a Kapitawo. Ine ngakhale ndagwirizana ndi a Kadzidzi poyamba paja, ndikufuna ndichenjezeko onse ofuula kuti mdima mdima, chifukwa mdimawo ukabwera ndi inu nomwe mumayamba kulira. Ndinasewerapo gemu ina ya malupanga, sinditchula dzina, poyamba penipeni imakuuza kuti sunthani kampira aka mpaka chizindikiro chizingooneka pang'ono. Ine ndinachita zimenezo usiku magetsi onse nditazimitsa, ndinatsitsa mpaka pansi kuti ndimve kukoma. Kenako ndinafika m'phanga lina Loweruka masana, dzuwa likulowa pawindo kumenya pa TV, sikirini yonse bii, ndikungodziona ndekha nkhope yanga ndi controller m'manja. Ndinazungulira m'phangamo masiku atatu abale, ndikugunda makoma, kugwera m'dzenje lomwelomwelo, mpaka ndinayamba kuwerenga masitepe ngati wakhungu, khumi kutsogolo atatu kumanzere. Tsiku lachitatu mwana wanga wamng'ono anakhalira remote, TV nkusintha picture mode yokha, taonani makwerero ali pompo pambali pa khomo lomwe ndinalowera. Ndinangozimitsa nkukagona.

Nyalugwe_X:
Mwanayo mumupatse controller mayi, inu mwakalamba

MaiWaMaGemu:
Ndikupeza iwe

Gogo_Pixel:
Nkhani ya mayiyi ndi yoseketsa koma ndi imene imawavuta opanga magemu. Iwo amapangira pa ma monitor okwera mtengo m'chipinda chotchinga makatani, pomwe osewera wina ali pa OLED yomwe chakuda chimakhala chakudadi chifukwa timagetsi ta pamenepo timazimiratu, wina ali pa LCD yakale yomwe chakuda chimaoneka ngati phulusa lonyowa, wina wayatsa HDR pa TV yoti HDR yake ndi dzina lokha. Mdima umodzi womwewo anthu atatu auona mosiyana. Nde akamawalitsako pang'ono musamangoti ndi mantha, akuganizira tonsefe.

Komanso ine ndakhalitsa, phokoso ngati ili ndaliona kangapo. Mu 2000 Nintendo anaonetsa kakanema ka Link akumenyana ndi Ganondorf mooneka ngati zenizeni, anthu anasangalala. Chaka chotsatira anatulutsa Link wa katuni wamaso akuluakulu, ija inadzakhala The Wind Waker, anthu anakwiya mpaka kuipatsa dzina lonyoza loti Celda. Lero ukaiyatsa ikuonekabe bwino pomwe magemu ambiri a nthawi yake omwe ankathamangira kuoneka enieni ukawaona umachita manyazi. Diablo III nayo mu 2008 anthu anachita kusainirana petition kuti yachuluka mitundu, muli utawaleza, tikufuna mdima wa Diablo II, ena mpaka kumatenga zithunzi nkuzidetsa pa Photoshop kuti aphunzitse eni ake ntchito. Opangawo anawayankha powaikira malo obisika otchedwa Whimsyshire, odzaza utawaleza, mitambo yomwetulira ndi tima unicorn toti uzitikhapa.

TomasiWokayika:
Agogo zitsanzo zanuzo ndi za anthu odandaula kuti style yasintha. Ine dandaulo langa ndi lina, kutionetsa china nkutigulitsa china. Wind Waker anaonetsa katuni nkutulutsa katuni, palibe ananamizidwa pa tsiku logula.

Gogo_Pixel:
Pamenepo mwanena zoona, ndavomera. Ine ndimayankha a Kadzidzi.

Kadzidzi77:
Agogo ine sindikupempha kuti sikirini ikhale bii ngati ya mayi aja. Mdima womwe ndikunena si kusowa kwa kuwala ayi. Ku Crookback Bog kuja kwa afiti atatu aja masana kumaoneka chilichonse, koma mtundu wa kuwalako ndi wodwala, chikasu chosakanikirana ndi kubiriwira, mpweya ngati ukununkha. Ku Skellige kuwala kozizira, kotuwa, umachita kumva mphepo. Ukandionetsa chithunzi chimodzi chopanda munthu ndikuuza kuti apa ndi pakuti. Chithunzi cha nkhalango ya mu demo ija mutachisakaniza ndi magemu ena asanu a Unreal ine sindingachiloze.

Mlenje_wa_Mizukwa:
Apa nde mwayamba kumveka. Koma zimenezo ndi ntchito ya kumapeto, kusakaniza mitundu, nkhungu, nyengo ya dera lililonse. Demo ija cholinga chake chinali kuonetsa zida, masamba opangidwa ndi chida cha Unreal chotchedwa Nanite, minofu ya hatchi, anthu 300 pamalo amodzi. Mmisiri akamakuonetsa macheka ake atsopano simufunsa kuti mpando uli kuti.

Kamnyamata_PS5:
Hatchi ija nde inandimaliza aise, Kelpie, minofu ikuchita kuyenda pansi pa chikopa akamathamanga

Nyalugwe_X:
Funso langa ndi limodzi, Kelpie adzakwera padenga ngati Roach, hatchi ya Geralt ija, kapena ayi? Ngati sakwera sindigula.

Gogo_Pixel:
Kkkkk Roach unkaimba kaluzu nkumupeza waima pamwamba pa nyumba akukuyang'ana ngati wolakwa ndiwe. Mpaka eni ake anamujambula ali padenga pa khadi la Gwent, masewera a makhadi aja a Witcher.

Nyalugwe_X:
Ndipo Gwent ikhalemo. Dziko likutha, mwana wasowa, ine ndili pa tebulo ndi wogulitsa zitsamba kulimbirana khadi

MaiWaMaGemu:
Ine Gwent sindinaimvetse mpaka lero, ndinkangodina pass

Kapitawo:
Abale.

Chiphaliwali_04:
Ndabwera mochedwa koma ndawerenga zonse. Funso kwa onse odandaula ndi otama omwe, munaonera pa chani? Chifukwa ambiri timaonera pa foni, YouTube ili pa 480p, kenako nkumaweruza ntchito ya anthu. YouTube imafinya kanema kuti achepe, ndipo zimene zimavutika kwambiri pofinyapo ndi ziwiri, masamba ambirimbiri akuyenda ndi malo amdima. Udzu umasanduka phala, thambo la usiku limaoneka mizeremizere ngati masitepe. Ngakhale sikirini yanu siifika 4K, pa kompyuta sankhani 4K yomweyo chifukwa imabwera ndi data yambiri pa sekondi, muona kusiyana.

Koma changa chenicheni ndi china chomwe palibe watchula. Zinthu zikachuluka pa sikirini maso amasokonezeka. Kale chinthu chofunika chinkaonekera chifukwa zozungulira zinali zosavuta, chitsamba chothyola chinkasiyana ndi udzu wamba. Pano tsamba lililonse lili ndi mthunzi wake, mwala uliwonse ndi wokongola, nde njira ili kuti, chotola ndi chiti? Mapeto ake opanga amayamba kupaka penti yachikasu pa miyala yokwera ngati magemu ena aja, kapena umakhala utapanikiza batani la witcher senses loonetsa zizindikiro lija ulendo wonse, dziko lokongola lija nkumaliona lotuwa uku ukutsatira kachingwe kofiira. Wojambula wanzeru amakutsogolera ndi kuwala komweko, kanyali patali, dzuwa likulowa pa mng'alu wa phanga pomwe pali potulukira, iwe nkumaganiza kuti wapeza wekha. Zimenezo ndi zomwe ndikufuna ndidzaone, kaya ndi masana kaya usiku.

Injiniya_Waulesi:
Ndipo ndi Lumen zimenezo zimavutirapo, chifukwa dzuwa likuyenda. Kuwala komwe kumaloza khomo 8 koloko m'mawa pofika madzulo kwapita kwina. M'gemu ya njira imodzi wojambula amakhoma dzuwa pamalo amodzi basi, apa sangathe, pokhapokha aziika tinyali tachinyengo tosaoneka kochokera, zomwe ndikukhulupirira adzachita ndithu ngakhale akunena za kuwala kwenikweni.

TomasiWokayika:
Nde mwafika pomwe ndinayambira. Chinyengo.

Injiniya_Waulesi:
Magemu onse ndi chinyengo madala, kuseri kwa phiri lomwe simukuliona kulibe kanthu

Kadzidzi77:
Ndamvera malangizo a Chiphaliwali, ndaoneranso pa monitor, 4K, magetsi ozimitsa. Ndivomere, nkhalango ija ndinainyoza mopitirira, pali pena dzuwa likudutsa m'mitengo nkugwera pa msana pa hatchi, mthunzi wa nthambi ukuyenda pa chovala cha Ciri, ndinabwezera kawiri. Koma msika uja ayi, maganizo anga sanasinthe, ndi woyera kwambiri, tauni ya padoko yogulitsa nsomba imayenera kukhala ndi utsi ndi litsiro m'makona. Ndikudikira phanga la a Injiniya lija.

MaiWaMaGemu:
Likadzafika phangalo mundiuze ndibwereke mwana akhalire remote

Nyalugwe_X:
A Tomasi pre-order tikuikireni?

TomasiWokayika:
Yesa uone.